Kodi Kino anali wadyera? Aphunzitsi a Fomu 3 ndi Fomu 4 akambirana

Mayi Nachisale (Dedza): Moni aphunzitsi anzanga. Pepani kuti ndabwera usiku chonchi, koma ndangomaliza kuchonga mapepala 78 a Fomu 4 ndipo mtima sukukhala m'malo. Funso linali lakuti: kodi Kino wa m'buku la John Steinbeck la The Pearl, msodzi wosauka wa ku Mexico amene anapeza ngale ya mtengo wapatali, ndiye woyenera kulozedwa chala pa imfa ya mwana wake? Ana oposa 60 andilembera chinthu chimodzimodzi, kuti Kino anali wadyera ndipo phunziro lake ndi lakuti dyera limapha. Sanaonerane ayi, ndinali momwemo ndikuzungulira. Angoloweza manotsi amene akuyendayenda m'mafonimu.

Koma pali pepala limodzi la mtsikana amene m'kalasi sayankhulayankhula. Iye walemba kuti Kino atapeza ngale ija anatchula zimene ankalakalaka: ukwati wa kutchalitchi, zovala zatsopano, mfuti, komanso sukulu ya mwana wake Coyotito kuti adzadziwe kuwerenga. Kenako wafunsa kuti ngati limeneli ndi dyera, ndiye kuti bambo ake amene anagulitsa mbuzi zonse kuti amulipirire fizi nawonso ndi adyera? Chingerezi chake n'chothyokathyoka, koma zikuonetsa kuti bukulo walitsegula ndi kuliwerenga yekha. Ndiye ndikufunseni: tikamati tikuphunzitsa ana kuzukuta nkhani poyang'ana chabwino ndi choipa, tikuwaphunzitsa kuweruza mlandu kapena kuloweza chigamulo?

Bambo Mbewe (Mchinji): Madamu, mwana ameneyo muyamikireni. Koma ana 60 enawo musawanyoze. Kodi alakwa? Kino anapha munthu, anamenya mkazi wake Juana, anakana kutaya ngale pamene Juana ankamuchonderera kuti yabweretsa tsoka. Mapeto ake mwana anawomberedwa kuphiri. Ine ndaphunzitsa zaka 24 ndipo ndaona kuti mwana wa zaka 17 amafuna kuuzidwa momveka kuti ichi n'choipa. Agogo athu akamatha nthano ankanena phunziro lake mosapsatira. Komanso tisaiwale kuti anawa akudikira MSCE. Tikawasokoneza ndi mafunso ambirimbiri, m'chipinda cha mayeso adzasowa cholemba.

Bambo Gondwe (Rumphi): A Mbewe, ndikulemekeza zaka zanuzo, koma tiyeni tibwerere m'buku. Chinkhanira chitaluma mwana, Kino ndi Juana anapita kwa dokotala. Dokotala anawakana pakhomo chifukwa analibe ndalama, ndiponso chifukwa anali Amwenye a m'dzikomo amene iye ankawaona ngati nyama. Pa nthawiyo ngale kunalibe. Mbiri ya ngale itamveka, dokotala yemweyo anabwera yekha kunyumba, n'kumwetsa mwana mankhwala omudwalitsa kuti aoneke ngati wamuchiritsa. Ogula ngale a m'tauni ya La Paz ankaoneka ngati anthu osiyanasiyana opikisana, pamene onse anali antchito a bwana mmodzi. Woyamba anatchula 1,000 pesos pa chinthu chimene Kino ankati ndi cha 50,000. Nanga m'manotsi amene madamu akunenawo, dyera la dokotala ndi la ogulawa lili pati? Zikutheka bwanji kuti wosauka amene wakana kuberedwa ndiye amasenza yekha dzina la wadyera?

Ana anga kuno ndi ana a alimi a fodya. Nditangowerenga ndime ya ogula ija, kalasi yonse inachita phokoso, chifukwa nkhani ya kumangidwa mitengo amaimva kunyumba chaka ndi chaka. Mnyamata wina anaimirira n'kunena kuti bambo ake anabwererapo ndi soya pamsika chifukwa mavenda onse ankatchula mtengo umodzi ngati anapangana. Ndinalibenso chofotokoza.

Mayi Nachisale (Dedza): Ndi zimenezotu a Gondwe. Ine chimene chikundiwawa n'chakuti phunziro lakuti dyera limapha, likangonenedwa lokha, mwana wa m'mudzi amalimva ngati akumuuza kuti khala pomwe ulipo, usalakelake zambiri.

Chikondi (wophunzira zauphunzitsi, akuyeserera kuphunzitsa ku Balaka): Moni makolo anga. Ine ndine watsopano, ndikungophunzira kwa inu. Zimene mukunenazi ndikuzimva, koma piriyodi ndi mphindi 40, ana ndi 90, mabuku alipo 11 okha. Ndingayambire pati? Ndikangofunsa kuti mukuganiza bwanji, amangondiyang'ana, kenako wina amati aphunzitsi tipatseni manotsi.

Mayi Nasibeko (Ntcheu): Chikondi mwanawe, funso lakuti mukuganiza bwanji ndi lotambalala kwambiri, ngakhale ine sindingaliyankhe. Ine ndimachita bwalo. Ana athu ambiri anaonapo mlandu ukuzengedwa kwa a mfumu, amadziwa kuti pamakhala wodandaula, woimbidwa mlandu, mboni ndi nduna, ndipo amadziwa kuti munthu sangoimirira n'kunena kuti uyu ndi wakuba popanda kufotokoza chimene anaona. Ndimagawa kalasi m'magulu molingana ndi mabuku amene alipo. Gulu lililonse limatenga mpangankhani mmodzi: ena Kino, ena Juana, ena dokotala, ena ogula ngale, ena wansembe. Lamulo ndi limodzi lokha: mboni ndi buku. Ukanena kuti Kino anachita chakuti, utiuze mutu ndi tsamba. Ukalephera, nduna zimakukhazika pansi.

Mafunso amene nduna zimafunsa aliyense ndi omwewo: anachita chiyani, ankadziwa chiyani pa nthawi imene ankachita zimenezo, akanatha kuchita china chotani, ndipo amene anavutika ndi ndani. Funso lachiwirilo ndi limene limatsegula mitu. Ana amakonda kuweruza Kino ndi nzeru za munthu amene wamaliza buku. Koma Kino pokana mtengo wa ogula sankadziwa kuti mwana adzafa. Akafika pamene wamenya Juana ndi kupha munthu usiku womwewo, mayankho amasintha, chifukwa apa ankadziwa bwino lomwe kuti chinthuchi chayamba kumudya. Ndiye ana okha amayamba kukangana kuti kodi Kino analakwa kuyambira liti. Zimatenga piriyodi yophatikiza, ndipo sabata yotsatira ndimawalembetsa ndime imodzi yokha yoikira kumbuyo chigamulo chawo.

Chikondi (Balaka): Zikomo kwambiri amayi. Nanga amene amakhala mfumu ndi inuyo?

Mayi Nasibeko (Ntcheu): Ayi, ndikakhala mfumu onse amayang'ana nkhope yanga kuti aone kumene ndikupendekera. Ndimasankha mwana, kawirikawiri mtsikana, ine ndimakhala kumbuyo ndi wotchi.

Bambo Mbewe (Mchinji): Bwalo lanulo ndalimva ndipo silikuoneka loipa. Koma ndikufunseni funso lolemera, chifukwa linandichitikira chaka chatha. Titafika pamene Juana anadzuka m'mbandakucha kukataya ngale m'nyanja, Kino n'kumupeza ndi kumumenya, mnyamata wina wamkulu ndithu ananena kuti Kino anachita bwino, mkazi wotaya chuma cha banja ndi wofunika kulangidwa. Anyamata anzake anawomba m'manja. Atsikana anangowerama. Tsopano inu amene mukuti mwana aweruze yekha, pamenepa mukanatani? Mukanalemba pabolodi kuti awanso ndi maganizo? Ichi ndi chimene ndimaopa. Tikachotsa mawu a mphunzitsi, amene amalamulira kalasi ndi amene ali ndi mawu aakulu.

Mayi Nachisale (Dedza): Funso limeneli ndi loona, a Mbewe, ndipo sindikufuna kulizemba.

Bambo Gondwe (Rumphi): Inenso ndinakumana nazo zofanana. Chimene ndinachita ndi kumupatsa mnyamatayo buku kuti awerenge yekha ndimeyo mokweza. Steinbeck sanabise kanthu: chibakera kumaso, mkazi kugwera pamiyala, kenako kumupondanso m'nthiti, mwamuna akulira ngati njoka. Mnyamatayo anayamba mwamphamvu, koma pofika kumapeto mawu anali atatsika. Ndinamufunsa kuti mlembi akamufanizira munthu ndi njoka, akumutamanda? Ndinamufunsanso kuti pa anthu awiriwa, amene anaona zoona za ngale ija anali ndani? Sanayankhe, ndipo sindinamukakamize.

Mayi Nasibeko (Ntcheu): A Gondwe achita bwino, koma ine sindimathera pomwepo. Ana akamaliza kulankhula, ine ndimanena maganizo anga poyera: kumenya mkazi ndi nkhanza, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006. Sindinganamizire kuti ndilibe mbali pamene m'kalasimo muli atsikana amene usiku wathawo amva amayi awo akulira. Kusiyana kwanga ndi manotsi n'kwakuti ine ndimalankhula pomaliza, ndipo ndimapereka zifukwa zimene mwana angathe kuziyesa. Mnyamata uja ukangomukalipira kuti khala chete, pamayeso adzalemba kuti nkhanza n'zoipa, koma mumtima adzatuluka ndi zomwe analowa nazo. Ine ndikufuna zimene zili mumtimazo zitulukire m'kalasi, pamene pali buku ndi anzake oti amutsutse.

Bambo Mbewe (Mchinji): Apa ndiye tikuyandikirana. Bola mphunzitsi asakhale chete.

Mayi Nabanda (Zomba): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndiloleni ndibweretse sewero la Shakespeare la Macbeth, chifukwa kumeneko vuto ndi lomweli koma lavala malaya ena. Chaka chilichonse ndikafunsa kuti wolakwa ndani pa imfa ya mfumu Duncan, manja ambiri amaloza Lady Macbeth, ndipo pamakhala wina wotchula Hava ndi Delila. Otsalawo amati ndi afiti atatu aja, Macbeth anachita kulodzedwa. Mwamuna amene anagwira mpeni amatuluka woyera.

Ndimawatuma kuti andipezere pamene afiti anauza Macbeth kuti aphe munthu. Amasakasaka osapapeza, chifukwa afitiwo anangoti adzakhala mfumu. Mnzake Banquo anamva ulosi pamalo omwewo, wakenso unalipo, koma sanaphe munthu. Kenako ndimafunsa kuti pamene Macbeth ankatuma anthu kukapha Banquo, mkazi wake ankadziwa? Sanamuuze. Nanga pamene anapulula mkazi wa Macduff ndi ana ake, anamukankha ndani? Apa ndi pamene ana amaona kuti mayi uja ali ndi mlandu wake, waukulu ndithu, koma suchotsa wa mwamuna.

Nkhani ya afiti ndimaitenga mosamala kwambiri. M'madera mwathu agogo akumenyedwa, ena kuphedwa kumene, powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti kodi afitiwo ananenadi chiyani, ndipo anachita ndi ndani, mwina tsiku lina pamaliro sadzatola mwala.

Chikondi (Balaka): Amayi a ku Zomba, zimenezi ndazikopera m'kope langa. Sindinaganizepo zoyerekeza Banquo ndi Macbeth mwanjira imeneyo.

Agogo Milanzi (anapuma ntchito, Mangochi): Ana anga, mdzukulu wandiwerengera zonse ndipo ndakondwa kuti ntchito tinaisiya m'manja mwa anthu oganiza. Ndiwonjezere chimodzi chimene simunachikhudze. Mwaweruza apangankhani, koma mlembi naye ayenera kukhala pabwalo.

Tengani Banquo yemweyo. M'mbiri ya Holinshed imene Shakespeare anatengako nkhani, Banquo anali mnzake wa Macbeth pa chiwembu chopha Duncan. Koma seweroli linalembedwa cha m'ma 1606, pa ufumu wa James wa ku England ndi Scotland, amene ankati ndi mdzukulu wa Banquo. Mlembi anamuyeretsa kholo la mfumu. Macbeth weniweni analamulira Scotland zaka 17, kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo Duncan anafera kunkhondo, osati pabedi. Mwana akadziwa zimenezi amayamba kufunsa kuti amene akundiuza kuti uyu ndi woipa ndi ndani, ndipo akudya kwa yani.

Kwathu kuno tengani Nthondo. Samuel Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo bukuli analilembera mpikisano wa bungwe lina la ku London loona za zilankhulo ndi chikhalidwe cha mu Africa. Linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ndi buku lokoma, Chichewa chake n'chonona, ine ndinaliwerenga ndili mnyamata ndipo mpaka lero ndimalikonda. Koma taonani njira imene munthuyo akuyenda: akuyamba ndi kuba ndi kuvuta, akudzakhala mfumu, kenako akutembenuka mtima n'kukhala Mkhristu. Ana amalemba kuti phunziro ndi lakuti kuba n'koipa ndipo Mulungu amasintha munthu. Sindikutsutsa, inenso ndine wa mpingo. Komabe ndikanakonda mwana afunse kuti kodi mudzi wa Nthondo unalibe nzeru zake zowongolera munthu? Kodi mkulu wa kudambwe akanalemba nkhani yomweyi, akanaimaliza chimodzimodzi? Kufunsa chonchi si kunyoza Ntara. Ndi kumutenga ngati munthu wamkulu amene anali ndi mbali yake, ndipo ankadziwa amene adzawerenge.

Bambo Mbewe (Mchinji): Agogo, apa ndiye mwandiponda pachilonda. Ine sukulu yanga ndi ya mpingo. Ndikayamba kufunsa ana kuti mkulu wa Gule akanalemba bwanji, mawa makolo ali ku ofesi ya a hedi.

Agogo Milanzi (Mangochi): Ndikumvetsa, mwana wanga, ndipo nzeru za pamalo ndi zako. Funso ukhoza kulifewetsa: n'chifukwa chiyani mlembi anasankha kumaliza chonchi? Limenelo palibe kholo lingakwiye nalo. Koma ndikuuze chifukwa chimene ndimaumirira. Ine ndinaphunzitsa m'nthawi imene bungwe lounika mabuku, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linkatiuza buku loyenera ndi losayenera, ndipo chifukwa chimene ankapereka kawirikawiri chinali kuteteza makhalidwe. Mu 1987 mlakatuli Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anatengedwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ife m'makalasi tinaphunzira kupereka phunziro limodzi lotetezeka pa nkhani iliyonse: mverani akuluakulu, musakhale adyera, khutirani ndi zimene muli nazo. Ndikamva kuti mu zaka zino ana 60 akulembabe chiganizo chimodzi, ndimamva fungo la nthawi ija, ngakhale lero palibe akutiopseza.

A Mbewe munatchula nthano za agogo. Zoona, phunziro linkanenedwa. Koma kumbukirani Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime, n'kumabwera kudzaba madzi atanyengerera alonda ndi uchi. Ana tinkamusekerera ndi kumukonda, ngakhale tinkadziwa kuti ndi wakuba, ndipo Kamba atamugwira tinkakondwanso. Tikamapita kogona tinkakanganabe kuti wochenjera weniweni ndani. Agogo sankatiletsa mkangano umenewo.

Mayi Nabanda (Zomba): Agogo, zikomo. Mfundo ya kuika mlembi pabwalo imagwiranso kwa Steinbeck. Iye anali mzungu wa ku California akulemba za asodzi osauka a ku Mexico m'buku limene linatuluka mu 1947. Anasankha kuti nkhani ithe ngale itabwerera m'nyanja, dokotala ali pabwino pake, ogula ali pa ntchito yawo. Mwana ali ndi ufulu wofunsa ngati mathero amenewo ndi chilungamo, kapena ngati mlembi akutionetsa dala kuti chilungamo panalibe. Mayankho onse awiri ali ndi umboni m'buku.

Bambo Gondwe (Rumphi): Tibwerere ku nkhawa ya mayeso imene a Mbewe anayamba nayo, chifukwa ndi yeniyeni. Ine ndaona kuti mwana amene wazolowera kunena mfundo ndi kuiikira umboni wa m'buku savutika funso likabwera mopotoka. Woloweza ndi amene amagwa, chifukwa akapeza funso la Juana pamene iye analoweza za Kino, amangokhuthula za Kino zomwezo. Ndiye sindikuona kuti tiyenera kusankha pakati pa kukhoza mayeso ndi kuganiza. Chimene chimandidya ine ndi nthawi. Bwalo limodzi limadya mapiriyodi awiri kapena atatu, silabasi ikudikira, ndakatulo sitinazigwire.

Mayi Nasibeko (Ntcheu): Ine ndimachita kawiri kokha pa buku lililonse, pamalo amene mpangankhani wafika pamphambano. Kwinako ndimaphunzitsa monga mwa masiku onse. Koma mafunso anayi aja amakhala pakhoma chaka chonse, ndipo pofika teremu yachiwiri ana amayamba kuwafunsa okha ngakhale pa nkhani zazifupi za Chichewa.

Bambo Mbewe (Mchinji): Ndiyesa pa Macbeth teremu ino, pa imfa ya Duncan. Za Nthondo ndiyamba ndaganiza kaye. Koma madamu a ku Dedza simunatiuze: mtsikana uja mwamupatsa malikisi angati? Chifukwa ngati sanatchule kumenyedwa kwa Juana ndi anthu amene Kino anapha, yankho lake ndi la mbali imodzi ngati la anzake aja.

Mayi Nachisale (Dedza): Mwalasa, a Mbewe, sanatchule. Ndamupatsa 13 pa 20. Ndamuchotsera chifukwa cha chilankhulo komanso chifukwa anaima pa zolakalaka za Kino osafika pa zimene anachita pambuyo pake. Pansi ndamulembera kuti funso lake ndi labwino kuposa mayankho ambiri amene ndawerenga, ndipo awerengenso mutu 5 ndi 6 kenako adzandiuze ngati akumuikirabe kumbuyo Kino mpaka kumapeto. Oloweza aja ambiri apeza 9 kapena 10, chifukwa mfundo ali nayo koma umboni palibe.

Lolemba ndili ndi piriyodi yophatikiza. Ndilemba funso lake pabolodi popanda dzina, ndipo nkhani ya mbuzi ndiyamba ndamupempha kaye ngati angalole, chifukwa anzake akhoza kuzindikira kuti ndi kwawo. Mayi Nasibeko, nditumizireni mafunso anayi aja mmene mumawalembera m'Chingerezi.

Mayi Nasibeko (Ntcheu): Ndijambula pakhoma mawa m'mawa ndikafika kusukulu. Chikondi, iwenso ndikutumizira. Magulu ako akhale 11 molingana ndi mabuku, ndipo mpangankhani mmodzi umupatse magulu awiri, lina lomuneneza lina lomuteteza, apo ayi ana 90 sakwana.

Chikondi (Balaka): Ndathokoza amayi. Ondiyendera akubwera Lachinayi, ndiye ndiyamba ndayeserera Lachiwiri ndi Fomu 3B. Gulu lotsala lija ndilipanga nduna.